Zomwe a Edmund Ananena Pamanda

Ku Nkope kunalibe munthu wodziwa kuda nkhawa ngati a Edmund, katekisiti wa katchalitchi ka Angilikani kamene kanali kumtunda kwa doko. Mvula ikachedwa ankadandaula kuti chimanga chipsa, ikabwera ankadandaula kuti denga la tchalitchi ligwa. Mwera ukawomba ankadera nkhawa asodzi, nyanja ikachita bata ankati bata lotere silibwera lokha, pali chimene likubisa. Chodabwitsa n'chakuti Lamulungu lililonse wansembe akapanda kubwera, ndipo wansembeyo ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yake yamoto, anali a Edmund omwewo amene ankaima kutsogolo n'kumalangiza anthu kuti atule nkhawa zawo kwa Mulungu. Ankalalikira bwino ndithu, moti anthu ankatuluka mitima ili pansi. Akazi awo, a Mabel, ankati nkhawa zimene anthu ankatula m'tchalitchimo amuna awo ndiwo ankatsalira kuzitola n'kubwera nazo kunyumba.

Tsoka linawapeza pa maliro a Jenkins, msodzi wachikulire amene anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Maliro a kunyanja sasankha chipembedzo. Akhristu anali kutsogolo ndi nyimbo zawo, Asilamu anakhala chapambali pamthunzi wa mlambe, ndipo pakati pa Asilamuwo panali Che Uladi, tcheyamani wa chipani m'dera lonselo, baji ili pachifuwa. Bokosi litatsitsidwa, a Edmund anatseka buku la mapemphero n'kuyamba kupemphera za mumtima mwawo. Jenkins anali mnzawo wa paubwana, choncho mawu ankangotuluka okha.

“Ambuye, ife ndife alendo pansi pano. Wolemera apita, wosauka apita, wokhala pampando nayenso apita. Palibe wamuyaya padziko lino. Wamuyaya ndinu nokha.”

Ameni amene anamveka pamenepo anali woonda zomvetsa chisoni. Amayi okalamba ochepa, amene makutu awo anali atatopa kale, ndiwo anayankha ndi mtima wonse. Ena onse anaweramitsa mitu kupitirira muyeso wa pemphero, wina anakhosomola, ndipo a Edmund atatsegula maso anapeza Che Uladi akuwayang'ana osaphethira. Apo m'pamene anawamva mawu awo omwe ngati awanena ndi munthu wina. Masiku amenewo liwu loti wamuyaya linali ndi mwini wake. Linkamveka pawailesi m'mawa, masana ndi madzulo, pamsonkhano uliwonse ndi m'nyimbo za amayi, ndipo nthawi zonse linkayenda limodzi ndi dzina la mtsogoleri wa dziko. Anthu anasowapo chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Dothi limene a Edmund anati aponye m'manda linakagwera pamutu pa mmodzi wa adzukulu okumba manda.

“Amake Enid, mwamva zimene ndanena kumanda kuja?” anafunsa atangofika kunyumba, mawu ali pansipansi ngati pali wina pansi pa bedi.

“Ndamva. Mwanama?”

“Kunama ayi, koma...”

“Nanga vuto lili pati?”

“Tcheyamani anali pomwepo!”

“Mulungu nayenso anali pomwepo, bambo a Enid. Inu mumalankhula ndi uti?”

A Edmund anatuluka panja. Anakhala pakhonde atagwira tsaya, akudzidzudzula. Buku la mapemphero linali m'manja mwawo, lodzaza ndi mawu abwinobwino amene sanamangitsepo munthu, nanga analitsekeranji? Kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera.

Masiku otsatirawo anali owawa, ndipo tisawaseke kwambiri a Edmund, pakuti mantha awo sanali opanda mutu. Anzawo a bawo anayamba kukumbukira ntchito zofulumira akangowaona akubwera. Mayi Esitere, oyandikana nawo nyumba, amene kale ankabwera kudzapala moto n'kukhala mpaka motowo kuzima, tsopano ankangopereka moni ali kutsidya kwa mpanda. Galimoto ikamveka pamsewu wopita ku Monkey Bay, a Edmund ankapezeka kuseri kwa khola la mbuzi akuyang'anitsitsa mtengo umodzi ngati kuti wadyedwa ndi chiswe. Tsiku lina anakhala kumeneko mpaka miyendo kuchita dzanzi, pamene galimotoyo inali lole ya ogula usipa imene inaphulika tayala. Chambo chimene a Mabel anawotcha chinabwerera kukhitchini osakhudzidwa. Kupemphera ankapemphera, m'mawa ndi madzulo, koma akangoti ameni khutu linkabwereranso kumsewu.

Kenaka uthenga unafika. A Mabel ankachapa kunyanja pamene Mwanamvua, mkazi wa Che Uladi, anadzatula beseni lake pafupi nawo. Osadzutsa mutu, Mwanamvua anati, “Che Uladi akuti a katekisiti akawapeze kunyumba mawa m'mawa. Abwere okha.”

A Edmund atamva zimenezi sanakomoke, ngakhale kuti panatsala pang'ono. Anapita kuseri kwa khola kuja, ulendo uno osati kukabisala koma kukakonza zokayankha. Poyamba anaganiza zokanena kuti anthu sanamve bwino, iwo anati wamoyo osati wamuyaya, kungoti mano awiri akutsogolo anachoka ndiye mawu amatuluka mopotoka. Anayesera kangapo kulitchula liwulo mwachibwibwi kuti limveke pakatikati. Ataona kuti sizikugwira, anaganiza zokankhira mlandu kwa amishoni akale, kuti mawuwo ali m'buku ndipo iwo anangowerenga. Koma mudzi wonse unawaona akutseka bukulo. Pomaliza anati akanena kuti chisoni chinawazunguza mutu, sankadziwa chimene akunena. Izi anaziyesera mokweza ndithu, manja ali pachifuwa, nkhope yomvetsa chisoni, mbuzi zikuwayang'ana uku zikubzikula.

“Mbuzizo zakhulupirira?” anafunsa a Mabel, amene anali ataima potero ndi lichero m'manja.

“Amake Enid, ino si nthawi yoseka.”

“Sindikuseka. Ndikungofunsa kuti pa mabodza atatuwo mwasankha liti, kuti nanenso ndikafunsidwa ndisakasemphane nanu.”

Mawu amenewo anawalasa a Edmund. 

Kutacha anatuluka m'chipinda atavala mathalauza awiri, malaya awiri, juzi ndi jekete la patchalitchi pamwamba pake. Dzuwa linali lisanakwere koma thukuta linali kale kamukamu. Ankayenda motangadza ngati mwana wovala thewera lonyowa.

“Ulendowu ndi wa kwa Che Uladi kapena wa ku Dedza?” anafunsa a Mabel.

“Akuti kumene amatengera anthu kuja amagona pasimenti, popanda bulangeti.”

Apa a Mabel nthabwala zinawathera. Anayang'ana kumbali n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, pakuti nawonso ankaopa, ankaopa kwambiri, kungoti m'nyumba imodzi simungakhale anthu awiri onjenjemera. Anawakonzera amuna awo kolala ya jekete imene inapindika, n'kuigwirabe ngakhale itawongoka kale.

“Mudzere kutchalitchi,” anatero. “Mukamuuze mwini wake wa mlanduwu, popeza dzina limene munatchula ndi lake. Koma bambo a Enid, inu mukapereka mbuzi kwa m'busa mumatsala mutagwira chingwe. Lero mukasiye ndi chingwe chomwe.”

M'tchalitchi munali zii, mukununkha mileme ndi makandulo akale. A Edmund anagwada movutikira chifukwa cha mathalauza awiri aja, n'kuyamba kupemphera monga ankapempherera masiku onse, ndiye kuti kumulangiza Mulungu. Anamufotokozera kuti njira yapafupi n'kumuiwalitsa tcheyamani nkhani yonseyo. Zikakanika, tcheyamaniyo akhoza kuitanidwa mwadzidzidzi ku boma. Kapenanso kamalungo pang'ono, osati koopsa ayi, kongomugoneka mpaka nkhaniyo itazizira. Ngati galimoto yodzawatenga yanyamuka kale ku Mangochi, pali mlatho wina panjira umene ngakhale kale unali wofooka. Anamukumbutsanso Mulungu za Enid amene anali asanamalize sukulu, za munda wa ku Chowe umene unali usanasoseredwe, ndiponso kuti a Mabel sadziwa kumanga mbuzi mfundo yosamasuka.

Malangizo atatha anazindikira kuti mtima uli pomwe unali, ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri. Anachita manyazi. Zaka zonsezi akuuza anthu kuti atule katundu, iwo anali asanatulepo ngakhale kamtolo kamodzi.

“Ambuye,” anatero, ndipo mawu anatuluka ang'ono, opanda ulaliki m'kati mwake, “ndikuopa. Ndikuopa kumenyedwa. Ndikuopa kufera kumene amake Enid sadzaona manda anga. Nzeru zanga zatha.”

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Kunja nkhuku zinkapalasa, kudoko anthu ankaitanizana za mitengo ya nsomba. Palibe mawu anachokera kudenga, mileme yokha ndiyo inkasuntha. Koma liwu lija, limene linawasowetsa mtendere masiku onsewa, linabwera m'mutu mwawo, ndipo ulendo uno m'malo molithawa analiyang'ana bwinobwino. Kumanda kuja ananena zoona kapena ananama? Ngati ananama, ndiye kuti Jenkins anamuika m'manda ndi bodza, ndipo tchalitchi chino n'chongotayitsa nthawi. Koma ngati ananena zoona, ndiye kuti Che Uladi si wamuyaya. Galimoto ija si yamuyaya. Simenti yozizira ija, ngakhale atagonapo mpaka imvi kuthothoka, si yamuyaya. Chinthu chokhacho chimene sichidzatha ndi Iye amene akumugwadira panoyu, ndipo ameneyo anawadziwa a Edmund asanamere mano amene ankafuna kuwanamizira aja.

Anaseka okha m'tchalitchi mopanda anthu, misozi ili m'masaya. Mantha sanathe onse, tisanamizane. Koma katundu uja anali atatulidwa.

“Mlanduwu ndi wanu, Ambuye. Ndikabwerako, zikomo. Ndikapanda kubwerako, kumenekonso muliko. Amake Enid ndi mwana ndawasiya m'manja mwanu, pamodzi ndi mbuzi zomwe.”

Analowa m'kachipinda kovalira wansembe, n'kuvula thalauza imodzi, juzi ndi malaya apamwamba, n'kuzipinda bwinobwino pampando. Anatuluka wopepuka, kamphepo ka kunyanja kakuwapita m'khwapa. Podutsa padoko, amayi oyanika usipa anaweramira nsomba zawo ngati sanawaone, koma iwo anawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza, mpaka amayiwo anasowa pothawira n'kuyankha.

Che Uladi anali pakhonde la nyumba yawo ya malata, atakhala pamkeka, akusoka ukonde. Panalibe galimoto, panalibe anyamata a chipani. Anawalozera a Edmund kampando, n'kufunsana za kunyumba monga mwa mwambo, za a Mabel, za Enid, za kutentha kwa chaka chino. Kenaka anaika ukonde pambali.

“Che Edmund, tsiku lija kumanda munanena mawu. Ndikufuna ndiwamvenso.”

Mabodza atatu aja anafika onse pamodzi pakhosi, okonzeka, akukankhana kuti atuluke ndani poyamba. A Edmund anawameza. 

“Ndinati tonse ndife opita, a tcheyamani. Wamuyaya ndi Mulungu yekha.”

“Lilime silinaterereke?”

“Silinaterereke.”

“Kapena chinali chisoni? Munthu akaferedwa amalankhula zambiri. Mutanena choncho, ine ndikhoza kumva.”

Khomo linali limenelo, lotsegulidwa ndi mwini nyumba yemwe. A Edmund analiyang'ana, ndipo anadabwa kupeza kuti sakulifuna.

“Chisoni chinalipo, koma mawuwo ndi oona ngakhale lero pamene sindikulira.”

Che Uladi anawayang'ana nthawi yaitali monga anachitira kumanda kuja. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo a Edmund anatenga kanthawi kuti azindikire kuti munthuyo akuseka.

“Wallahi, inu Akhristu muli ndi vuto limodzi. Mumapemphera m'Chichewa! Mawu omwewo ife timawanena kumzikiti tsiku ndi tsiku, pamaliro aliwonse timawanena, koma timawanena m'Chiarabu, ndiye anyamata anga amangoti amina osadziwa kuti avomera chiyani.”

Anapukuta maso ndi chikhatho, nkhope n'kubwerera mwakale.

“Nkhaniyi anabwera nayo kuno, musaganize kuti sanabwere nayo. Anyamata awiri, magazi otentha, akufuna ipite ku boma. Ndinawauza kuti ine ndinalipo, ndipo chimene ndinamva ndi pemphero, osati msonkhano. Ndinati amene akufuna kukasuma akayambe wapeza munthu woti adzamuike m'manda tsiku lake likadzafika, popeza katekisiti adzakhala kulibe. Yathera pomwepo.”

A Edmund anatulutsa mpweya umene unakhala ngati anausunga kuyambira tsiku la maliro lija. Anafuna kuthokoza, kugwada, kuthamangira kunyumba kukauza a Mabel, zonse nthawi imodzi. Koma Che Uladi anali asanamalize. Anayang'ana kumsewu, n'kuyang'ana kuseri kwa nyumba, kenaka anasendeza mkeka pafupi.

“Sindinakuitanireni zimenezo. Ndinafuna ndione ngati muli munthu wobweza mawu. Mukanabweza, tikanamwa tiyi n'kutsanzikana.”  “Mwana wanga woyamba mukumudziwa.”

A Edmund ankamudziwa, mudzi wonse unkamudziwa. Iddi anali kalaliki m'tauni, mnyamata wokonda kuseka ndi kufunsa mafunso. Chaka chapitacho anthu ena anamupeza kuntchito n'kumuuza kuti akwere galimoto akayankhe mafunso pang'ono, ndipo kuyambira tsikulo palibe anamuonanso. Ku Nkope nkhaniyo sinkakambidwa. Anthu ankachita ngati Che Uladi anabereka ana aakazi okhaokha.

“Sindikudziwa ngati ali moyo,” anatero Che Uladi. “Ndikafunsa, baji iyi aichotsa, ndipo otsalawa adzawateteza ndani? Dua, pemphero lathu lija, ndimachita, koma chamumtima. Kumzikiti sindingamutchule, m'nyumba muno amake akangomva dzinalo amagwa. Chichokereni, Che Edmund, dzina la mwana wanga silinatuluke pakamwa pa munthu. Ngati kuti sindinamubereke. Tsiku lija mutanena mawu aja ndinati, uyu ndiye munthu wosaopa.”

A Edmund anatsala pang'ono kuseka. Wosaopa! Munthu amene thalauza yake yachiwiri inali pampando wa wansembe nthawi yomweyo! Koma ataona nkhope ya mnzawoyo kuseka kunathawa. Anaiona nkhawa, ndipo anaizindikira monga munthu amazindikirira m'bale wake pagulu, kungoti iyi inali yaikulu kuposa zawo zonse kuziphatikiza, ndiponso inasenzedwa popanda woitula.

“Ine ndimaopa kuposa munthu aliyense ku Nkope kuno, a tcheyamani, kafunseni amake Enid. Kungoti lero m'mawa ndapeza pokatula.”

“Ndiye mukamapemphera kwanuko, nokha, muzimutchulako. Mulungu ndi mmodzi, amva.”

Kupempherera mokweza munthu wotengedwa unali mlandu woposa wa kumanda uja, ndipo a Edmund ankadziwa zimenezo. Msewu unali pafupi, mpanda unali wa bango. Anadikira kuti mantha awagwirenso monga mwa masiku onse, koma sanawagwire.

“Kwathu n'kutali,” anatero. “Tiyeni timutchule pompano.”

Anatsika pakampando n'kugwada m'mphepete mwa mkeka. Che Uladi anazengereza, kenaka anatambasula manja awo, zikhatho kuyang'ana kumwamba monga amachitira kwawo. A Edmund anapemphera m'Chichewa, ndi mawu awo a masiku onse, osakweza ndiponso osanong'ona. Sanamulangize Mulungu chochita. Anangomuuza kuti pali mwana wa pakhomo pano amene ife sitikudziwa kumene ali koma Inu mukudziwa, ngati ali ndi njala, ngati akuzizidwa, Inu mukumuona. M'nyumba, tsache limene linkasesa linaleka kumveka, ndipo Mwanamvua anaima pakhomo atagwira chitseko.

“Tikumuika m'manja mwanu, Ambuye, mwana wanu...”

Apa a Edmund anadukiza dala, n'kudikira. Milomo ya Che Uladi inagwedezeka kangapo popanda mawu, ngati munthu amene waiwala kayankhulidwe.

“Iddi,” anatero potsiriza, mawu osasa. Anapuma, n'kubwerezanso mokweza, kuti ndi mayi amene anali pakhomo paja amve. “Iddi. Mwana wanga Iddi.”